Mlaliki wa "Ine Ndekha"

Amangwetu, ndisanaloze chala munthu wina ndiyambe ndaulula tchimo langa. Ndili ndi zaka 22, pa maphunziro a dipuloma, ndidagula buku lonenepa kwa mnyamata woyala mabuku akale pakhonde la sitolo ina ku Limbe. Chikuto chidali chothothoka, masamba ofiirira ngati fodya wa m'chigafa. Dzina la bukulo The Fountainhead, mlembi wake Ayn Rand. Ndidalimaliza m'masiku anayi, magetsi akathima nkumayatsa kandulo, ndipo pomwe ndinkalitseka ndidali nditasanduka munthu wina: wamwano. Anzanga a m'kalasi ndidayamba kuwaona ngati nkhosa. Holide itafika, amalume anga, atelala amene ankandilipirira fizi ndi ndalama zosokera mayunifolomu, adandipempha kuti ndizithandiza mwana wawo masamu a Fomu 2. Ine ndidawayankha kuti munthu aliyense ali ndi moyo wake, ndipo nthawi yanga si ya chibale. Adandiyang'ana, nkuseka pang'ono, nkubwerera pa makina awo. Fizi ya teremu yotsatira adalipirabe.

Choncho ndikamanena za mayi ameneyu sindikunena za m'maluwa. Kachasu wake ndidamwa, kukoma kwake ndikukudziwa, matsire akenso ndikuwadziwa. Ndipo ndalemba chifukwa mawu omwe ndidalavulira amalume aja ndikumawamvabe m'kamwa mwa achinyamata ophunzira, ena osadziwa n'komwe kuti mwini nyimboyo ndani.

Dzina lake la ku ubwana ndi Alisa Rosenbaum. Adabadwa pa 2 February 1905 mumzinda wa St Petersburg ku Russia, m'banja la Chiyuda lopeza bwino. Bambo ake adali ndi sitolo ya mankhwala. A Bolshevik atalanda boma mu 1917, sitoloyo idalandidwa, ati m'dzina la anthu onse, iye akadali kamtsikana ka pasukulu. Banja lidathawira ku Crimea, ndipo pobwerera mu 1921 lidapeza njala ndi mizere ya buledi. Mu 1926 Alisa adatuluka m'dzikomo ndi chilolezo chokacheza kwa abale ku America, osadzabwereranso. Ndi m'nyengo imeneyi pomwe adayamba kudzitcha Ayn Rand.

Pamenepa ndimamumvetsa, ndisaname. Ife ndi ana a anthu amene adakhala zaka pafupifupi 30 pansi pa chipani chimodzi. Tidakula tikumva za makhadi ogula mokakamiza pakhomo la msika, za bungwe lounika mabuku ndi nyimbo lomwe lidakhazikitsidwa mu 1968, za anyamata ometedwa tsitsi ndi apolisi, za mlakatuli Jack Mapanje amene adakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osaonekera kukhoti. Munthu akatiuza kuti boma likhoza kusanduka chilombo, sitimufunsa umboni. Vuto la Rand ndi lakuti njoka itamuluma, adalengeza kuti chilichonse chachitali ndi njoka: chingwe cha pachitsime, lamba, ngakhale mkono wa mnzako wofuna kukudzutsa utagwa.

Chiphunzitso chake adachitcha Objectivism, koma tikachivula jekete ndi ichi. Munthu alibe ngongole kwa wina aliyense. Cholinga cha moyo ndi chimwemwe chako iwe mwini. Ukafuna kupatsa patsa, koma si udindo, ndipo wokuphunzitsa kudzimana chifukwa cha ena akufuna kukudya. Boma likhale ndi apolisi, asilikali ndi makhoti basi. Sukulu, zipatala, misewu, penshoni, zonsezo ziziyendetsedwa ndi amalonda. Mulungu kulibe. Mu 1964 adatulutsa buku lotchedwa The Virtue of Selfishness, mutu womwe ukunena poyera kuti kudzikonda ndilo khalidwe labwino. Sadabise mawu, pamenepo ndimuyamikire. Alaliki ambiri a dyera amavala nkhope ya chifundo. Uyu adabwera dyera lili pamphumi.

Komatu anthu sadatengeke ndi mabuku ake a nzeru. Adatengeka ndi nthano ziwiri. Mu The Fountainhead, ya mu 1943, ngwazi ndi Howard Roark, katswiri wojambula mapulani a nyumba amene salola munthu kusintha ngakhale mzere umodzi pa pulani yake. Ena atasintha pulani ya nyumba zomwe boma linkamangira anthu osauka, Roark akuziphulitsa ndi mabomba usiku, akudziteteza yekha kukhoti, khoti nkumumasula. Anthu amene amatengera maganizo kwa anzawo bukuli limawapatsa dzina lomwe m'Chichewa tingati anthu a kaunjika. Ine ndinkawerenga zimenezi m'buku la kaunjika, nditavala malaya a kaunjika, nkumagwedeza mutu kuvomereza. Palinso malo ena m'bukumo pamene Roark akugwirira mkazi, ndipo nkhaniyo idalukidwa moti tikhulupirire kuti mkaziyo ankafuna. Nthawi imeneyo ndidadutsapo osaima. Lero ndimachita manyazi.

Atlas Shrugged, ya mu 1957, ili ndi masamba opitirira 1,000. Eni mafakitale, eni migodi ndi akatswiri atopa ndi misonkho ndi malamulo, anyanyala ntchito nkukabisala m'chigwa china ku Colorado, dziko nkugwa. Mtsogoleri wawo John Galt akulankhula pa wailesi masamba pafupifupi 60 osapuma. Mbusa wotere kuno kwathu akadatsala yekha ndi mabenchi. Koma malo ondionetsa mtima wa mlembi ndi ena. Sitima yodzaza anthu ikulowa m'njira ya pansi pa phiri momwe utsi uwaphe onse, ndipo asanafe mlembi akutiyendetsa chipinda ndi chipinda kutionetsa maganizo olakwika a wokwera aliyense, uyu mphunzitsi, uyu mtolankhani, uyu mayi wogoneka ana ake awiri, ngati kunena kuti adaziputa dala. Ndiye pali Eddie Willers, wantchito wokhulupirika amene adatumikira kampani ya njanji moyo wake wonse. Pothera pa buku akusiyidwa yekha m'chipululu pa sitima yakufa, ngwazi zikukonzeka kubwerera kudzamanga dziko m'chifaniziro chawo. Tchimo lake? Adali munthu wamba.

Kumapeto kwa buku lomweli Rand adalemba mwachidule za moyo wake, nkunena kuti palibe amene adamuthandiza. Apa ndiye pagona bodza lalikulu, ndipo aliyense wowerenga mbiri yake yolembedwa ndi Anne Heller kapena ya Jennifer Burns, onse mu 2009, aliona yekha. Ku yunivesite ya Petrograd adaphunzira mwaulere, ndipo zitseko zake zidatsegukira akazi chifukwa cha kusintha komwe iye ankadana nako. Ulendo wa ku America adamulipirira ndi makolo ake. Ku Chicago adakhala miyezi ingapo m'nyumba za abale a mayi ake, akudya zawo, taipilaita ikulira usiku eni nyumba akufuna tulo. Ponyamuka adamupatsanso ndalama za panjira. Ku Hollywood adagona kunyumba ya atsikana yoyendetsedwa ndi bungwe lachikhristu la YWCA pa mtengo wotsika, ndipo Cecil B. DeMille adamupatsa ntchito Chingerezi chomwe chikumuvutabe. The Fountainhead idakanidwa ndi makampani 12 osindikiza mabuku, mpaka mkonzi wina wachinyamata, Archibald Ogden, adauza mabwana ake kuti akapanda kulitenga ndiye kuti iye sali woyenera ntchitoyo. Mwamuna wake Frank O'Connor, amene adakwatirana naye mu 1929, adasiya munda wake wa maluwa womwe ankaukonda ku California nkumutsatira ku New York mu 1951. Akuluakulu adati ukakwera pamsana pa njovu usamati kulibe mame. Uyu adakwera njovu zonsezi nkulemba buku loti njovu kulibe.

Nanga mlaliki wa ufulu wa munthu payekha ankakhala bwanji ndi anthu? M'zaka za m'ma 1950 kagulu ka achinyamata kankasonkhana Loweruka madzulo kunyumba kwake ku New York kuwerenga zomwe walemba. Mwanthabwala ankadzitcha The Collective, ndiye kuti gulu la tonse pamodzi, dzina la chinthu chomwe ankati amadana nacho. Nthabwalayo idasanduka zoona. Amene adatulukamo adasimba kuti wolakwa ankaikidwa pakati, anzake nkumuzenga mlandu wa maganizo okhota. Kukonda nyimbo kapena chithunzi chomwe mayi sachikonda kudali chizindikiro choti mkati mwako mwavunda. Murray Rothbard, katswiri wa zachuma amene nayenso ankadana ndi boma kotheratu, adakhalako pang'ono nkuthawa, ndipo mu 1972 adalemba kuti chimenechi chidali chipembedzo chotseka anthu pakamwa. Mtsikana wothawa chipani chimodzi adakamanga chipani chimodzi pabalaza pake, Ngwazi ali yemweyo.

Wachiwiri wake adali Nathaniel Branden, mnyamata womuchepera ndi zaka 25. Mu 1954 Rand adakhazika pansi mwamuna wake ndi mkazi wa Branden nkuwafotokozera kuti nzeru zikulamula kuti iye ndi Branden akhale pa chibwenzi, ndipo awiriwo ayenera kuvomereza. Adavomera. Tsiku lopangana likafika, Frank ankatenga chipewa nkutuluka. Mu 1968 Rand atadziwa kuti Branden ali ndi mtsikana wina, adamuwaza mambama, nkumuchotsa m'gulu, nkulemba m'magazini yake milandu ya ndalama ndi ya khalidwe, za chibwenzi chija osatchulako. Dzina la Branden, lomwe lidali kutsogolo kwa Atlas Shrugged, lidafufutidwa m'makope otsatira. Inde, Branden adanama zaka zingapo, ndipo sindikumuyeretsa. Za kuchipinda za anthu akuluakulu si zanganso. Funso langa ndi limodzi: mnyamatayu adachita chiyani choposa kutsata chimwemwe chake iye mwini, monga adaphunzitsidwira? Zikuoneka kuti "ine" wa m'chiphunzitso chija adali munthu mmodzi yekha.

Zina ndi zolemera kuposa chibwenzi. Zolemba zake zamseri, zomwe zidasindikizidwa mu 1997, zikuonetsa kuti mu 1928 ankakonza nthano yomwe ngwazi yake adaitengera kwa William Hickman, mnyamata amene adaba nkupha mtsikana wa zaka 12 ku Los Angeles mu 1927. Omuteteza amati sadayamikire kuphako, adangosirira kuti mnyamatayo sankalabadira zonena anthu. Chabwino. Koma munthu amene wamva za mtembo wa mwana, diso lake nkukagwera pa kulimba mtima kwa wakuphayo, watiuza kale zambiri.

Mu 1963 adalemba nkhani yodzudzula tsankho la mitundu ndi mawu amphamvu zedi, koma m'nkhani yomweyo adatsutsa lamulo lomwe linkakonzedwa loletsa eni mabizinesi kubweza anthu akuda pakhomo, ati sitolo ndi ya mwini. Mu 1974, ku sukulu ya asilikali ya West Point, atafunsidwa za eni nthaka a ku America amene azungu adawapeza, adayankha kuti anthuwo adalibe ufulu pa nthakayo poti adali osatukuka, ndipo azungu adali ndi ufulu woitenga. Mwana wa munthu wolandidwa sitolo! Katundu ndi wopatulika, eti, pokhapokha mwini wake akakhala munthu amene iwe wamutcha wosatukuka. Ife amene agogo athu adadzuka tsiku lina nkupeza minda yawo ili m'kati mwa maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje, mawu amenewo si achilendo m'makutu mwathu.

Fodya ankasuta kwambiri, nkumanyoza ochenjeza kuti ziwerengero si umboni. Chaka chomwecho cha 1974 adachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'mapapo. Pambuyo pake adalembetsedwa kulandira penshoni ya boma ya Social Security ndi thandizo la kuchipatala la Medicare, pa dzina la kubanja la O'Connor. Omutsatira ali ndi yankho: adalemba kale mu 1966 kuti munthu wotsutsa mathumba a boma oterewa akhoza kulandira, pongobweza zomwe adamulanda pa msonkho. Tamvetsani bwino pamenepa. Wotsutsa akalandira ndi chipukutamisozi, wovomereza akalandira ndi mbava, cheke chili chomwecho. Ine sindimudzudzula chifukwa cholandira. Nkhalamba yodwala ilandire, thumbalo adalikhazikitsira zomwezo. Ndimamudzudzula chifukwa sadatuluke nkuuza ana ake kuti matenda amagwetsa ndi wanzeru yemwe. Adamwalira pa 6 March 1982, ndipo pamaliro pake padaimikidwa nkhata ya maluwa yotalika mafiti 6 yooneka ngati chizindikiro cha dola. Mu 2020, nthawi ya Covid-19, bungwe losunga chiphunzitso chake la Ayn Rand Institute lidatenga ngongole ya boma yopulumutsira mabizinesi, nkupereka chifukwa chomwe chija.

Zikadathera m'mabuku sindikadaononga pepala. Koma mmodzi wa anyamata a pabalaza paja adali Alan Greenspan. Mu 1957 adalembera kalata nyuzipepala ya New York Times kuteteza Atlas Shrugged, nkunena kuti anthu odyera anzawo akamatha m'bukumo akutha moyenera. Mu 1974, akulumbira kukhala mkulu wa alangizi a zachuma a Pulezidenti Gerald Ford, Rand adali pambali pake ku White House. Kuyambira 1987 mpaka 2006 ndiye adali mkulu wa banki yaikulu ya America, Federal Reserve, ndipo ankakana zoti boma liike maso pa malonda atsopano a mapepala a ngongole, ati mabanki sangadziotche okha, dyera lawo lomwelo liwasunga. Mu 2008 adadziotcha. Lehman Brothers idagwa mu September, mabanja mamiliyoni adalandidwa nyumba m'zaka zimenezo, ndipo boma lidavomereza madola 700 biliyoni a okhoma msonkho kuti lipulumutse mabanki. Ngwazi sizidapite kuchigwa cha ku Colorado ayi. Zidapita ku Washington chipewa chili m'manja. Pa 23 October 2008, pamaso pa komiti ya nyumba ya malamulo, Greenspan adavomera kuti wapeza chilema m'kaganizidwe kake, kuti adalakwa pokhulupirira kuti dyera la mabanki liteteza eni masheya. Ana a Rand amati iyeyo adali atapanduka kale, poti wokhulupirira weniweni sangayendetse banki ya boma. Yankho lomweli amaperekanso achikomyunizimu: chiphunzitso sichilakwa, amalakwa ndi anthu.

Mukadaganiza kuti bukulo lithera pomwepo. Ayi ndithu, mu 2009 lidagulidwa kuposa kale, dzina la John Galt nkumaoneka pa zikwangwani za zionetsero za gulu la Tea Party. Paul Ryan, amene adadzakhala Sipikala wa nyumba ya malamulo kuyambira 2015 mpaka 2019, adauza msonkhano wa okonda Rand mu 2005 kuti mayiyu ndiye adamulowetsa ndale, ndipo ankagawira antchito ake bukuli pa Khrisimasi. Pa Khrisimasi, amangwetu! Ryan bambo ake adamwalira iye ali ndi zaka 16, ndipo ndalama za boma za ana amasiye ndizo zidamuthandiza kulipira koleji. Atakula adathera mphamvu zake pa mabajeti odula thandizo la osauka. Mu 2012, chaka chomwe adaima ngati wachiwiri wa Mitt Romney, Akatolika anzake atamufunsa kuti mabajetiwo akugwirizana bwanji ndi chikhulupiriro chake, adamukana Rand ngati Petro pamoto paja, ati ameneyo ndi wosapembedza, ine wanga ndi Thomas Aquinas. Naye Donald Trump adanena mu 2016 kuti amadziona mwa Howard Roark.

Andale amenewa amadya mnofu nkulavula mafupa. Rand ankakana Mulungu, ankateteza ufulu wa amayi wochotsa pakati, ankatsutsa zolemba anyamata usilikali mokakamiza, ndipo adakana Ronald Reagan chifukwa chogwirizana ndi atsogoleri a mipingo. Ngakhale a chipani cha Libertarian, amene ambiri mwa iwo adalowa ndale kudzera m'mabuku ake, iye ankawanyoza kuti ndi mbava za maganizo ake. Zonsezo andale amazisiya m'mbale. Amatolamo chimodzi chokha: chilolezo chotcha wolemera kuti wolungama, wosauka kuti nsabwe.

Tsopano za nyimbo, komwe nkhaniyi ikusintha fungo. Rand mwini wake za rock sankafuna kuzimva. Mu 1969 adafanizira zinthu ziwiri za chaka chimenecho: ulendo wa kumwezi wa Apollo 11, womwe adakaonerera ukunyamuka, ndi chikondwerero cha nyimbo cha Woodstock. Choyambacho adati ndi nzeru za munthu, chachiwiricho khamu logubuduka m'matope. (Zoti roketiyo idamangidwa ndi msonkho tizisiye kaye.) Komabe wophunzira wake wodziwika kwambiri pa zamaluso adadzakhala mnyamata wa tsitsi lalitali woyimba ng'oma m'gulu la rock la ku Toronto, Canada.

Neil Peart adalowa gulu la Rush mu 1974, nkupeza Geddy Lee pa besi ndi mawu, Alex Lifeson pa gitala. Poti ankakonda kuwerenga, anzakewo adamusiyira ntchito yolemba mawu a nyimbo. Chimbale cha mu 1975, Fly by Night, chikuyamba ndi nyimbo yotchedwa Anthem, dzina la kabuku ka Rand ka mu 1938 konena za dziko lomwe mawu oti "ine" adaletsedwa. Chimbale chotsatira, Caress of Steel, sichidayende malonda, ndipo kampani ya Mercury idafuna tinyimbo tatifupi toyenera pa wailesi. Anyamatawo adakana. Adagwirizana kuti ngati nkugwa agwe ndi nyimbo zawo, Peart abwerere kukagulitsa zitsulo za mathirakitala kwa bambo ake. Mu 1976 adatulutsa 2112, mbali yonse yoyamba ili nyimbo imodzi ya mphindi 20. Munthu apeza gitala yakale kuphanga, adziphunzitsa kuyimba, apita nayo kwa ansembe olamulira dziko akuganiza kuti akondwa, iwo nkuiphwanya. Pachikuto Peart adathokoza Rand pomutcha munthu wa nzeru zakuya. Chimbalecho chidawapulumutsa, ku America kokha chidagulidwa makope opitirira 3 miliyoni.

Ndivomere, apa Rand adagwira ntchito. Mnyamata wa zaka 23 wouzidwa ndi bwana kuti achepetse luso lake kuti ligulike amafuna wina womuuza kuti kana. Ndipo aliyense amene kwawo bungwe la boma lidaletsapo nyimbo akudziwa kuti ansembe ophwanya gitala si nthano chabe. Chimenechi ndicho chikomekome cha mkuyu chomwe chidandikola inenso.

Nyerere zidatuluka mu 1978. Mtolankhani Barry Miles wa nyuzipepala ya zanyimbo ya ku London, NME, adakangana ndi Peart za msika ndi boma, nkulemba nkhani yowafanizira ndi otsatira Hitler. Pamenepo Miles adalumpha malire, ndipo ine sindili naye. Makolo a Geddy Lee adali Ayuda a ku Poland opulumuka m'misasa ya Hitler: onse awiri adadutsa ku Auschwitz, kenako mayi ake ku Bergen-Belsen, bambo ake ku Dachau. Kuponyera mwana wa anthu otere dzina limenelo ndi nkhanza. Koma mbiri yoti Rush ndi ana a Rand idamatirira. Chaka chomwecho adatulutsa The Trees, nyimbo ya mitengo yaifupi yodandaula kuti yaitali ikuitchingira dzuwa, mpaka nkhwangwa ibwera kudzaifananitsa yonse. Odana ndi misonkho adaitola ngati nyimbo yawo ya fuko, ngakhale Peart ankati adangoitengera pa katuni yoseketsa.

Kusiyana kwa Peart ndi andale aja nkwakuti iye sadaime pa buku limodzi. Adawerengabe, adayendabe, mu 1988 adapalasa njinga mwezi wathunthu m'misewu ya ku Cameroon, ulendo womwe adaulemba m'buku la The Masked Rider. Ndiye kudabwera 1997. Mu August mwana wake mmodzi yekhayo, mtsikana wa zaka 19, adafa pa ngozi ya galimoto. Patatha miyezi khumi mkazi wake adamwalira ndi khansa. Peart adauza anzake kuti amutenge ngati wapuma ntchito, nkukwera njinga yamoto, makilomita 88,000 kudutsa Canada, America, Mexico mpaka Belize.

Apa ndiye pali mayeso a chiphunzitso chija. Rush idali bizinesi ya mamiliyoni. Akatswiri a ng'oma ongodikira foni adalipo mbwee. Masamu a dyera akuti lembani wina, malonda asaime. Lee ndi Lifeson sadalembe munthu. Adatseka chitseko nkudikira mpaka 2001, akungolandira uthenga wa apo ndi apo, osadziwa ngati mnzawo adzagwiranso timitengo ta ng'oma. Wotsatira Rand wochenjera anena kuti kudikirako kudalinso dyera, poti mnzawoyo ankamukonda. Mawu oti dyera akatambasuka kufika pamenepo, ndiye kuti amalume anga aja nawonso adali adyera, pamodzi ndi mnansi amene adaphunzitsa mwana wawo masamu kwaulere ine nditakana, ndipo mawuwo satanthauzanso kanthu.

Mu 2010 Rand Paul, wandale wa ku Kentucky (dzinalo musadabwe nalo, ndi chidule cha Randal), ankaseweretsa nyimbo za Rush pa misonkhano yake ya kampeni, ndipo loya wa gululi adamulembera kalata kuti asiye. Mu 2012 magazini ya Rolling Stone itafunsa Peart ngati mawu a Rand akumulankhulabe, adayankha kuti ayi, zimenezo zidali za zaka 40 zapitazo. Zidamuthandiza pa nthawi yomwe ankafuna kukhulupirira luso lake, koma tsopano ndi wokonda ufulu amene mtima umamuwawa akaona mavuto a ena. Sadanene izi pofuna mavoti ngati Ryan chaka chomwecho. Sadabisenso kuti adamukondapo mayiyu.

Atatuwo adayimba limodzi komaliza pa 1 August 2015 ku Los Angeles, patatha zaka 41. Chaka chotsatira Peart adapezeka ndi khansa ya muubongo. Adapempha kuti zisamveke, ndipo kwa zaka zitatu ndi theka Lee ndi Lifeson ankakwera ndege kuchokera ku Toronto kukamuona ku California, atolankhani akafunsa za mnzawo nkumayankha zina. Adamwalira pa 7 January 2020. Dziko lidamva patatha masiku atatu.